Ndege za Sungeni Zikhala Pati?

Uyu ndi Sungeni. Sungeni amakhala ku Chinsapo. Amakhala ndi Amayi, Abambo ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina la mlongo wakeyo ndi Kings.

Sungeni anali ndi ndege zinayi. Inde, ndege! Koma si ndege zokwera ayi. Zinali ndege zing'onozing'ono. Iliyonse inkakwana m'manja mwake.

Sungeni ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti ndege zake zikhale poonekera. Koma ndege zake zinkakhala m'katoni. Katoniyo inkakhala pansi pa bedi.

Pansi pa bedi pali mdima. Pansi pa bedi pali fumbi. Ndege n'kumakhala pansi pa bedi? Zimenezi zinkamuwawa Sungeni.

Kodi ndegezo anazitenga kuti?

Amayi ankagulitsa zidole za kaunjika ku msika. Zidolezo zinkabwera m'belo lalikulu. Belo likatsegulidwa, Sungeni ankathandiza kusankha. Magalimoto uku. Mipira uku. Ana apulasitiki uku. Zothyoka uko!

Zothyoka palibe ankagula. Ndege zonse zinayi zinachokera pa mulu wa zothyoka.

"Tenga," Amayi ankatero. "Ndani angagule ndege yothyoka phiko?"

Sungeni ankatenga. Ankazipukuta. Ankazikonza yekha. Magetsi akazima, Amayi ankayatsa kandulo. Kandulo inkadontha phula. Sungeni ankatola phulalo likadali lofewa. Ankamata nalo mapiko. Phula likauma, phiko linkagwira gwa!

Ndege iliyonse inali ndi dzina.

Yoyamba inali Mano. Mano anali ndi kamwa yojambula. M'kamwamo munali mano oyera ngati a ng'ona.

Yachiwiri inali Chiwala. Chiwala anali wobiriwira. Anali ndi mapiko awiri pamwamba, awiri pansi.

Yachitatu inali Chimimba. Chimimba anali wamkulu. Anali wonenepa. Anali wolemera.

Yachinayi inali Kamphuno. Kamphuno anali ndi mphuno yachikasu. Pamphunopo panali kanthu kozungulira. Abambo ankati kanthuko ndi pulopela.

Abambo ankakonza njinga m'mbali mwa msewu. Tsiku lina anazitenga ndegezo m'manja. Anaziyang'ana bwinobwino.

"Izi ndi ndege za nkhondo yakalekale," anatero Abambo. "Zenizeni zinali zazikulu kuposa minibasi. Wina anapanga zazing'onozi kuti zifanane ndi zazikuluzo."

"Zazikuluzo zinkapweteka anthu?" anafunsa Sungeni.

"Eya, zinkapweteka anthu. Nkhondo ndi yoipa, mwanawe."

Sungeni anaganiza pang'ono.

"Zanga sizipweteka munthu," anatero. "Zanga zimangouluka basi."

Kenako Kings anayamba kukwawa.

Kings ankakwawa pabalaza. Kings ankakwawa kuchipinda. Kings ankakwawa paliponse. Ndipo chilichonse chimene wapeza, m'kamwa! Supuni, m'kamwa. Mwala, m'kamwa. Nsapato ya Abambo, m'kamwa. Mwana ameneyu analibe chosankha.

Tsiku lina Kings anakwawira pansi pa bedi. Anapeza katoni. Anaikoka. Anapeza Kamphuno. Anazula pulopela. M'kamwa!

Amayi anaona tsaya la Kings litatupa.

"Mayo ine! Wadya chiyani mwanayu?"

Amayi anamunyamula msanga. Anapisa chala m'kamwa mwake. Pulopela inatuluka. Kings analira.

Sungeni anachita mantha kwambiri. Ankazikonda ndege zake. Koma ankamukondanso Kings.

"Sungeni, bwera kuno," anatero Amayi. "Kanthu aka kakanamutsamwa mwana."

"Pepani, Amayi."

"Tamvera bwino. Ndege zako zipeze malo. Malo oti Kings asafikepo. Zikapanda kupeza malo, Loweruka ndizitenga. Zibwerera ku msika."

"Koma Amayi, ndi zothyoka! Palibe angagule."

"Zinali zothyoka. Iwe unazikonza. Tsopano zigulidwa msangamsanga."

Mtima wa Sungeni unagunda. Mano kupita kwa mwana wina? Chiwala kupita kwa mwana wina? Ayi! Sungeni anayamba kufunafuna malo.

Pabalaza panali kabati yamagalasi. M'kabatimo munali mbale zamaluwa. Munali makapu onyezimira. Zinali za alendo okhaokha. Sungeni anali asanadyerepo mbale zimenezo chibadwire.

"Apa ndi pabwino," anatero Sungeni.

"M'kabati mwangamo?" anatero Amayi. "Pamodzi ndi mbale za alendo? Abusa akabwera adzamwere tiyi m'ndege? Ayi ndithu."

Apa sipanali pabwino.

Pakona panali TV. Pa TV panali kansalu koluka. Kansaluko kankalendewera m'mbali.

"Apa ndi pabwino," anatero Sungeni.

Anaika ndege pa kansaluko. Kings anakwawa. Anafika. Anagwira nsonga ya kansalu. Anakoka. Ndege zonse zinatsetsereka! Sungeni anaziwakha ndi diresi lake.

Apa sipanali pabwino.

Pakhoma panali windo. Windolo linali ndi zitsulo.

"Apa ndi pabwino," anatero Sungeni.

Anaika ndege pawindo. Dzuwa linaziwalira. Zinakongola bwanji! Koma posakhalitsa, kadzanja kanalowa pakati pa zitsulo. Kanali kadzanja ka Pemphani, mwana wa nyumba yoyandikana nayo.

"Undibwerekeko ya manoyo!" anatero Pemphani.

Kumbuyo kwa Pemphani kunali ana ena. Onse anali atatambasula manja.

Apanso sipanali pabwino.

Loweruka linali kuyandikira. Sungeni anatopa. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anagona chagada. Ndege zake anaziika pachifuwa.

Unali mwezi wa Okutobala. Kunkatentha. Masamba sankagwedezeka. Patali wina ankakuwa kuti, "Makala! Makala!" Mawuwo ankamveka patali, patali, patali. Maso a Sungeni analemera. Maso a Sungeni anatsekeka.

Pamenepo Mano anayamba kukula.

Anakula ngati mbuzi. Anakulabe. Anakula kuposa mtengo wa mango. Kamwa yake inamwetulira.

"Kwera, Sungeni," anatero Mano.

Sungeni anakwera. Vuuu! Mano ananyamuka. Chiwala anali kumanja. Kamphuno anali kumanzere. Chimimba ankabwera m'mbuyo, wefuwefu.

Anakwera m'mwamba. Anakwerabe m'mwamba.

Sungeni anayang'ana pansi. Anaona Chinsapo yense. Madenga a malata ankanyezimira. Anaona sukulu yake. Anaona msika. Anaona Amayi atakhala pansi pa ambulera, ang'onoang'ono. Anaona Abambo akupopa njinga, ang'onoang'ono.

"Amayi! Abambo! Ndili kuno!" anakuwa Sungeni.

Mphepo inatenga mawu ake. Inali mphepo yozizira bwino.

Anadutsa mtsinje wa Lilongwe. Anadutsa mlatho. Maminibasi ankayenda ngati nyerere. Kenako analowa mumtambo. Mtambowo unali wofewa. Unali woyera. Unali chete. Sungeni anatambasula dzanja. Anaukhudza. Zala zake zinanyowa pang'ono.

Atatuluka mumtambo, Chimimba anatsegula mimba yake. Sungeni anachita mantha. Kodi mutuluka chiyani?

Munatuluka maluwa! Maluwa a jakaranda, ambirimbiri. Anagwa pang'onopang'ono. Anagwera pa madenga. Anagwera pa msika. Anagwera pa mitu ya ana. Ana ankavina. Ana ankaseka. Sungeni anasangalala zedi.

Koma kenako anakumbuka Loweruka.

"Mano," anatero Sungeni, "ndikuikeni pati? M'kabati akana. Pa TV mumagwa. Pawindo akutengani."

Mano anaseka ndi mano ake onse.

"Ife si mbale," anatero Mano.

"Ife si maluwa apawindo," anatero Chiwala.

"Ife ndife ndege," anatero Kamphuno.

"Malo a ndege ndi m'mwamba," anatero Chimimba, wefuwefu.

Sungeni anadzidzimuka. Anali pamphasa. Ndege zinali pachifuwa pake, zing'onozing'ono ngati kale.

"M'mwamba!" anatero Sungeni. "Kings sangafike m'mwamba!"

Nyumba ya kwawo inalibe siling'i. Ukayang'ana m'mwamba, umaona mitanda. Pamwamba pa mitanda, umaona malata.

M'mawa mwake Sungeni anapita kwa Abambo.

"Abambo, mundinyamuleko paphewa."

Abambo anamunyamula. Sungeni anaika ndege pamtanda. Anaziika pamwamba penipeni, pafupi ndi malata. Malata anali ozizira, poti unali m'mawa.

"Apa ndi pabwino!" anatero Sungeni.

"Apa ndiye Kings waluza," anatero Abambo.

Abambo anapita ku ntchito. Sungeni anapita ku sukulu. Ankayenda modumphadumpha.

Dzuwa linakwera. Dzuwa linatentha. Malata anatentha. Malata anayamba kulira: ta! ta! ta!

Masana Sungeni anabwera. Amayi anali panja, akuchapa. Kings anali pabalaza, akukwawa. Sungeni anayang'ana m'mwamba.

Kanthu kanadontha. Do!

Kanadonthanso. Do!

Linali phula. Phula lija linali kusungunuka! Phiko la Chiwala linapendekeka. Linagwedezeka. Linathothoka. Linagwa mozungulirazungulira. Linagwera patsogolo pa Kings.

Kings analiona. Kings anakwawa. Sungeni anathamanga. Kings anatambasula dzanja. Sungeni anadumpha. Gwi! Sungeni anafika poyamba.

Kings analira chifukwa cholandidwa. Amayi analowa, manja ali thovu lokhalokha. Anaona phiko m'manja mwa Sungeni. Anaona phula pansi. Anayang'ana m'mwamba.

Amayi sanakalipe. Anakwera pampando. Anatsitsa ndege zonse. Ndege zinali zotentha. Mapiko anali atathothoka.

"Mawa ndi Loweruka," anatero Amayi motsitsa mawu.

Sungeni anakhala pakhonde. Ndege anazikulunga m'diresi. Misozi inatsika. Anali wachisoni kwambiri.

"Pansi pali Kings," anatero. "Pamwamba pali moto. Nanga ndege zanga zikhala pati?"

Kuseri kwa mpanda, amayi a Pemphani anali pa ntchito. Anali ndi neti yakale ya udzudzu. Netiyo inali yobookabooka. Ankafuna kuphimba nayo anapiye, kuopa mphamba. Anadula pamwamba pa neti ndi mpeni. Mkombero wawaya unatuluka. Anauponya pambali.

Mkomberowo unagubuduka. Unagubuduka. Unadzagwa pafupi ndi phazi la Sungeni.

Sungeni anauyang'ana. Anakumbuka neti ya kuchipinda kwawo. Neti imalendewera pa chingwe. Sikhudza malata. Mkombero wake sukhudza pansi. Umakhala pakati.

Pansi ayi. Pamwamba ayi. Pakati!

Sungeni anapukuta misozi. Anaimirira.

"Zikomo, amayi a Pemphani. Mkomberowu mukuufuna?"

"Wa chiyani ine? Tenga, mwanawe. Ukufuna kupanga galimoto?"

"Ayi. Ndikufuna kupanga mlengalenga."

"Mlengalenga?" Amayi a Pemphani anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ana a masiku ano! Chabwino, ukapanga undiitane."

Sungeni anapeza thumba lakale la chimanga. Anasolola ulusi pathumbapo. Anasolola wina. Anasolola winanso. Anaupota pamwendo, uwiriuwiri. Anaukoka kuti aone. Ulusi sunaduke.

Dzuwa litapendeka, Abambo anabwera. Sungeni anawaonetsa ndege zopanda mapiko. Anawauza za phula.

"Aa! Ine ndiye sindinaganize," anatero Abambo, akukanda m'mutu. "Malata a Okutobala amawotcha ngati chiwaya. Talakwitsa tonse awiri."

"Abambo, phula sindikulifunanso. Mungandipatseko waya wanu wopyapyala uja?"

Abambo anatsegula chikwama cha zida. Anatulutsa waya. Anatulutsa pulayala. Sungeni ankagwira phiko. Abambo ankamanga. Phiko la Chiwala, gwa! Phiko la Mano, gwa! Phiko la Chimimba, gwa! Pulopela ya Kamphuno, gwa!

Sungeni anayesa kuzula ndi zala. Palibe chinathothoka.

Kenako anamangirira ndege ku mkombero. Mano anamumanga ndi ulusi wautali. Kamphuno anamumanga ndi ulusi waufupi. Chiwala anamumanga apa. Chimimba anamumanga apo.

Abambo ananyamula mkombero ndi chingwe. Mkombero unapendekeka!

"Chimimba wadya kwambiri," anatero Abambo.

Sungeni anaseka. Anaganiza. Anasuntha Mano. Anasuntha Chiwala. Anasuntha Kamphuno. Atatuwo anawaika mbali imodzi. Chimimba anatsala mbali yake yekha.

Abambo ananyamulanso. Mkombero unakhala bwinobwino.

Abambo anakwera patebulo. Anamanga chingwe ku mtanda wa pabalaza. Chingwecho chinali chachitali. Ndege zinatalikirana ndi malata. Ndege zinatalikirana ndi pansi.

Amayi anali kukhitchini. Anamva zonse. Koma sanabwere kudzaona.

"Ndidzaona mawa kukacha," anatero.

Loweruka linafika.

Amayi anamanga katundu wa ku msika. Anavala chitenje. Anatenga jumbo lopanda kanthu. Linali jumbo lotengera ndege. Analowa pabalaza, Kings ali m'manja.

Sungeni anaima pakhoma.

Amayi anayang'ana m'mwamba. Anapereka Kings kwa Abambo. Anakwera pampando.

Anakoka ulusi wa Mano. Sunaduke.

Anakoka ulusi wa Chimimba. Sunaduke.

Anagwedeza phiko la Chiwala. Silinathothoke.

Anakoka pulopela ya Kamphuno. Anaikokanso mwamphamvu. Sinazuke.

Amayi anatsika.

"Bambo a Sungeni, tamuikani pansi mwanayo," anatero.

Abambo anaika Kings pamphasa. Kings anaona ndege. Maso ake anakula. Anakwawa. Anatambasula dzanja. Sanafike. Anagwira mpando. Anaimirira. Anatambasulanso dzanja. Sanafike. Anatsegula kukamwa, aaa! M'kamwa munangolowa mpweya.

Kings anakhala pansi, phwa! Kenako anagona chagada. Anayang'ana m'mwamba.

Kamphepo kanalowa pakhomo. Kanali kamphepo ka m'mawa. Kanakhudza mapiko. Mkombero unayamba kuzungulira.

Mano anadutsa. Chiwala anadutsa. Kamphuno anadutsa, pulopela ikuzungulira. Chimimba anadutsa pomalizira.

Kings anaseka. Anaponda m'mwamba ndi timiyendo take. Anaombera m'manja. Anasekanso.

Amayi anali chiimire. Jumbo linali m'manja mwawo. Sungeni anayang'ana jumbolo.

"Amayi," anatero ndi mawu aang'ono, "muzitenga?"

Amayi anayang'ana ndege. Anayang'ana Kings. Anayang'ana Sungeni.

"Ndizitenga bwanji?" anatero Amayi. "Si izo zikuuluka? Ine ndilibe mapiko."

Amayi anapinda jumbo lija. Analipindanso. Analiika pansi pa katundu.

Sungeni anathamanga. Anawakumbatira Amayi m'chiuno. Anasangalala mpaka misozi.

"Tasendera uko," anatero Amayi. "Nanenso ndione bwino."

Amayi anagona chagada pamphasa. Sungeni anagona pambali pawo. Kings anali pakati.

"Nanga ku msika, amake Sungeni?" anafunsa Abambo.

"Msika udikire pang'ono," anatero Amayi. "Inunso bwerani. Malo alipo."

Abambo anavula nsapato. Anagona chagada. Mphasa inadzaza.

Onse anayang'ana m'mwamba. Kamphepo kanalowanso. Ndege zinayi zinauluka pamwamba pawo. Zinazungulira pang'onopang'ono. Zinazunguliranso.

Sizinapite ku msika. Sizinapite kulikonse. Zinali kwawo.